Dzimbiri la Njinga ya a Nyirenda

Uthenga unandipeza manja ali m'palafini. Linali Lachiwiri m'mawa, ku Joni, m'galaja ya bwana wanga, ndikutsuka matcheni a njinga. Foni inalira m'thumba la epuloni, ndinaitulutsa ndi zala ziwiri, ndipo ndinamva mawu a mwana wanga Vitumbiko. "Amama, NyaTembo wachira! Mwana wamkazi, amama, wamoyo, akulira chomene!" Zaka zisanu ndi ziwiri mpongozi wangayo akudikira, zaka zisanu ndi ziwiri anthu akumuloza ndi milomo pachitsime. Ndinaliza nthungululu m'galaja ya mzungu, ndinavina ndi mawondo anga owawa omwewa, palafini akudontha m'zigongono. Bwana anathamanga kuchokera m'nyumba poyesa kuti ndadzicheka. Ndinati, "Madala, sindinavulale ayi. Ndikupita kwathu."

Ine ndine NyaShaba, mkazi wamasiye wa a Nyirenda, wa kumudzi wina kufupi ndi Luwawa. Kulemba ndinaphunzira ndili wamkulu kale, choncho ndikulemba monga ndiyankhulira.

Ndinachoka chaka chachiwiri a Nyirenda atamwalira. Chimanga chinali chitapserera, Vitumbiko akufuna kukwatira koma m'khola mulibe ng'ombe ya lobola, chitsirizira changa Tawonga akubwezedwa kusekondale. Amayi anzanga ankati ku Joni n'kwa amuna, iwe ukatani ndi imvi zoyamba kale? Ndinati ndikachapa, ndikakolopa, zaka ziwiri zokha mbwenu ndabwera. Zaka ziwiri zinabala zinayi, zinayi zinabala zisanu ndi zinayi. Masiku a m'pasipoti anatha mwezi woyamba womwe, ndipo kuyambira pamenepo ndikaona galimoto ya apolisi ndinkakhotera njira ina.

Ntchito ndinaipeza kwa mzungu wokalamba, wokhala yekha, amene tonse tinkangomutchula kuti Madala. Iye ankagula ndi kugulitsa njinga zakale za mpikisano, zija zamatayala owonda ngati chala, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Zinali lendelende kudenga la galaja ngati nyama pabutchala. Loweruka kunkabwera azibambo amimba zawo, ena madokotala, ena maloya, n'kumakangana tsiku lonse pa kachitsulo kamodzi kosinthira magiya, kuti kanapangidwa chaka chiti, n'kenikeni kapena n'kongofanizira. Wina ankanunkhiza chishalo chachikopa chong'aluka ngati akununkhiza fodya wabwino. Ine ndikuwapatsa tiyi ndinkaseka chamumtima: ana a eni ake, njinga yopanda kaliyala, yosanyamula ngakhale thumba la ufa, mukuilirira chiyani?

Zala za Madala zitayamba kuuma, anandichotsa kukhitchini n'kundikhazika pabenchi. Anandiphunzitsa kutsuka zitsulo osazikanda. Anandiphunzitsanso kumanga wilo: kulowetsa masipoko mmodzimmodzi, kuwapingasa, kuwakunga ndi kakiyi kakang'ono mpaka limu lizungulire osagwedera. Sizinandivute, poti n'chimodzimodzi kuluka dengu. Ndinkagogoda sipoko ndi chikhadabo n'kumvera kulira kwake, yolira pansi ndiikunge, yolira pamwamba ndiimasule.

Koma kutopa, abale, kutopa. Chipinda changa chinali kuseri kwa galaja, bedi limodzi, mbale imodzi, kapu imodzi. Mwezi wa Juni simenti inkalowa m'mafupa. Lamlungu ndinkadya ndekha ndikuyang'ana khoma. Mauthenga akumudzi ankabwera ndithu, koma ambiri ankayamba ndi moni n'kuthera pa feteleza, pa fizi, pa malata. Ndinkatumiza, sindinkakana. Lobola inaperekedwa ine kulibe, ukwati unavinidwa ine kulibe. Mayi anga ondibereka anaikidwa ine ndikumvera nyimbo pafoni, nditagwira chitsulo chositira. Ndikatumiza mawu kumudzi ndinkangoti ndili bwino, koma mawondo ndiwo akundizunza, mawondo, mawondo. Zina zonse ndinkameza. Ndinkadziwa kuti kumudzi ayamba kunditchula mtchona.

Tsiku lina ndikupukuta Baibulo langa pabenchi, munagwa chithunzi cha a Nyirenda. Anajambulitsa pa Boma ali mnyamata, atangobwera kumene ku Joni komwe ankagwira ntchito ya m'dimba la maluwa, ataimirira monyada ndi njinga imene bwana wawo anawapatsa potsazikana. Madala anatola chithunzicho, n'kuvala magalasi achiwiri pamwamba pa oyamba.

"Mama, njinga iyi ilipo?"

"Ili kudenga la nyumba yanga. Inatha kale, Madala, dzimbiri lokhalokha. Nkhuku zimagonapo."

"Penti yake ndi yomweyi? Zilembozi zikuonekabe?"

"Pang'ono."

Anandiuza kuti ndi ya ku Italy, yopangidwa pamanja, ndipo zotsala n'zowerengeka. Anati ndikadzapita kwathu ndidzaitumize ndi anyamata onyamula katundu, iye adzagula. Mtengo umene anatchula, nditautembenuza m'mutu, unali ng'ombe ziwiri zapagoli ndi ngolo yake. Kwathu mayi wokhala ndi ngolo sapempha mchere, amanyamulira anthu chimanga ndi matabwa, n'kumadya ali pakhomo pake. Kenako anandigwira pamkono. "Koma wina asaikhudze. Asaipale, asaipake. Dzimbirilo alisiye. Ukalamba wakewo ndiwo akugula anthu."

Kuyambira tsiku limenelo njinga ija inasanduka njira yanga yobwerera kwathu osadzachokanso.

Apa ndiye pali kulakwa kwanga, ndipo ndikulemba ndi dzanja langa. Kwathu mkazi amalowoledwa, katundu wa mwamuna akamwalira amayang'anira ndi abale ake. Alamu anga a Yotamu, akulu awo a malemu, ndi munthu wokonda kugwira zinthu. Ndinaopa kuti akamva mtengo adzati njinga ndi ya kwa Nyirenda, si ya NyaShaba. Ndiye sindinanene za Italy, sindinanene za dzimbiri. Ndinangotumiza mawu kwa Vitumbiko kuti, "Njinga ya adada ako ija uisamale chomene, ndidzaifuna ndikadzabwera." Anati yewo amama. Chaka chilichonse ndinkabwereza, iye n'kumati yewo amama.

Mwana atabadwa ndinamanga katundu. Madala anati chipinda achisunga mpaka mwezi utatha, mwina ndingabwerere. Ndinamuseka. Masiku atatu m'basi, miyendo itatupa ngati mitondo, koma ndinkayimba. Titayamba kukwera mapiri, fungo la paini litalowa pawindo, ndinayimba mokweza mpaka mtsikana wokhala pambali panga anasamuka.

Pasiteji panali Vitumbiko, atanenepa, ndevu zili pepepe, ndi alamu anga a Yotamu atavala jekete la kutchalitchi. Pakati pawo panali njinga yobiriwira ngati chitseko cha golosale, yonyezimira, mahandulo owongoka, matayala onenepa, kumbuyo kuli kaliyala wamkulu wokhala ndi khushoni yofiira ndi popondera mapazi. Ndinayesa kuti abwereka ya kabaza. Koma maso anga anali ataphunzira. Ndinayang'ana molumikizira zitsulo za felemu, ndinaona timaluwa tosema ta njinga ya a Nyirenda titakwiririka ndi penti. Ndinaona pamene anawotcherera kaliyala, chitsulo chitapsa n'kutupa ngati bala.

"Mwaizindikira, mlamu?" anatero a Yotamu akumwetulira mano onse. "Ya mng'ono wanga yomwe ija! Tinapita nayo pa Boma. Dzimbiri lonse anapala ndi sandipepa mpaka mbee."

"Nanga zitsulo zakale zija? Mahandulo, chishalo, magiya?"

"Zinyalala zija? Anatenga ogula zitsulo zakutha, anatipatsa beseni la pulasitiki," anatero Vitumbiko. "Amama, mumangodandaula mawondo chaka ndi chaka. Mutati mudzaifuna njingayi, tinadziwa kuti mukufuna chokwera. Adada akuluwa anagulitsa mbuzi yawo kuti tiikonze. Simudzayendanso wapansi kupita kutchalitchi."

Ndinakhala pansi pafumbi, pasiteji pomwepo, n'kulira. Iwo ankati ndikulira malemu, ndipo a Yotamu anavula chipewa. Ndinalira ng'ombe ziwiri, ndinalira ngolo, ndinalira zaka zisanu ndi zinayi. Nditatha anandikweza pakhushoni yofiira ija, mwana wanga n'kupalasa. Ndinene zoona, inali yofewa.

Mdzukulu ndinamunyamula tsiku lomwelo, kamunthu kofunda konunkhira mkaka, ndipo anandipatsa ine kuti ndimutche dzina. Ndinati Wezi. Koma masiku atatu chakudya sichinkatsika. Ndinajambulitsa njinga n'kutumiza kwa Madala. Anayankha mwachidule kuti pepani Mama, yawotchereredwa, yatha, palibe angagule. Anawonjeza kuti chipinda chikadalipo. Kubwerera kukanakhala kodzera njira zam'tchire, poti pachipata cha m'malire anali atandidindira chidindo choipa chondiletsa kulowanso, ndipo ndikanapita ndikudziwa kuti Wezi adzayamba kuyenda, kuyankhula, mwina kupita kusukulu, ine ndikumuonera pafoni.

Tsiku lachinayi ndinawapeza alamu anga kukhola akukonza mpanda. Ndinagwada patali monga mwa mwambo, n'kuwauza zonse, za Italy, za dzimbiri, za ng'ombe ziwiri ndi ngolo. Anasiya nkhwangwa.

"Ng'ombe ziwiri. Ife n'kulandira beseni."

"Eya, alamu."

"Nanga osanena bwanji, NyaShaba? Foni munali nayo."

"Ndinkaopa inu."

"Kuti ndikulandani?"

"Eya."

Ndinayesa kuti akalipa. Anakanda kumutu, kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka kutsamira mpanda. "Mlamu, mukanandiuza, mwina ndikanalanda ndithu! Ng'ombe ziwiri si masewera. Chiuta watipulumutsa tonse, inu ku umbombo wanga, ine ku tchimo. Watisiyira beseni." Nanenso ndinaseka, misozi ikutsika. Atatha anati, "Koma ku Joni musabwerereko. Tinaika amayi anu inu kulibe. Sindikufuna kudzalandira inu m'bokosi pasiteji paja."

Ndinati nanga ndidya chiyani. Anati chimene tikudya ifechi.

Madzulo ake Vitumbiko ankadandaula kuti wilo lakumbuyo likukhula mabuleki, mmisiri wa pa Boma analimanga mokhota. Ndinati itembenuze. Ndinamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kakiyi kanga ka masipoko, chinthu chokhacho chimene ndinapempha kwa Madala. Ndinagogoda, ndinamvera, ndinakunga, ndinamasula. Anthu odutsa anaima. Limu litazungulira lili nji, bambo wina wa kabaza, a Mhango, anati, "Agogo, zimenezi mwaphunzira kuti?" Ndinati ku Joni, mumayesa ndinkangosesa? Mawa lake anabwera ndi mawilo awiri, mkuja anabwera ndi anzake.

Tsopano tsiku la msika ndimakhala pasiteji pansi pa mtengo, ndikumanga mawilo a kabaza ndi a onyamula makala. Ng'ombe sizidzatuluka m'menemo, ndikudziwa. Mumatuluka sopo, mchere, nthawi zina shuga. Msana umawawa, maso akuchita chifunga, ndipo tsiku lina ndikaona ngolo ya munthu ikudutsa mtima umandilumabe. Amisiri achimuna ena amanyogodola kuti wilo la mayi lidzagwetsa munthu, koma mawilo awo akakhota amawatumiza kwa ine mobisa. Madala ndinamuuza kuti chipinda apatse wina. Ndinkayesa kuti kumudzi amangomva ndalama m'mauthenga anga, osadziwa kuti anamvanso mawondo. Wobisa mawu ndinali ine.

Wezi anabatizidwa Lamlungu lachitatu nditafika. Ndinapita kutchalitchi pakhushoni yofiira, mwana ali kumsana kwanga, Vitumbiko akupalasa pang'onopang'ono, NyaTembo akuthamanga pambali n'kumakuwa kuti samalani mabampu. Pobwera pakhomo panadzaza, ndipo ndikufuna onse alembedwe, wina asadzati ndinamuiwala.

Anabwera alamu anga a Yotamu Nyirenda ndi akazi awo NyaJere, atanyamula nkhuku m'beseni lija. Anabwera Tawonga wanga kuchokera ku Boma, ndi mwamuna wake a Chirwa amene ndinali ndisanawaonepo. Anabwera asewere anga a Tembo ndi NyaMoyo, makolo a mpongozi wanga, wapansi kuchokera ku Engutwini. Anabwera mchemwali wanga Esinati, amene anatseka maso a amayi m'malo mwanga. Anabwera anamwino a Phiri, a ku Dedza, amene anamulandira Wezi m'manja. Anabwera a Mhango a kabaza ndi a Zgambo ocheka matabwa ku Luwawa. Anabwera amayi a chigwirizano, NyaLungu, NyaBanda, NyaMphande wotsimphina, NyaNgwira woyambitsa nyimbo, ndi NyaKumwenda yemwe ankaloza mpongozi wanga pachitsime, nayenso anabwera, nayenso anavina. Vitumbiko, NyaTembo, Wezi, ndi ine NyaShaba.