Phazi Limene Ababa Anasoka

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, nyengo yothyola fodya, ine ndikusita yunifolomu. Anali apolisi atatu. Anayamba ndi ababa. Ine ananditenga chifukwa cha kope langa, limene analipeza pansi pa matiresi.

Ababa anali dokotala paboma. Anatopa ndi kuchiza matenanti obwera akusanza chifukwa cha fodya wamuwisi, mawa lake n'kubwereranso kumunda komweko. Anasiya ntchito, nalowa chipani chotsutsa. Ankati munda ukhale wa amene amaulima. Loweruka lililonse matenanti a ku Chulu ankakumana kwathu mobisa.

Yanga inali kupereka madzi. Ndinkagwada, maso pansi, monga amayi anandiphunzitsira, choncho nkhope za alendowo sindinkaziona. M'kope ndinkalemba zimene ndinkaona: "Lero kunabwera a nsapato za matayala, ndi a chala chopanda chikhadabo."

Kupolisi, wamkulu wawo anawerenga zimenezi mokweza, anzake akuseka.

"Iwe mtsikana, kwanuko anthu alibe mitu?"

"Akuluakulu sindiwayang'ana kumaso, bwana."

"Mwana waulemu. Tikuthandiza."

Ndinakhala masiku atatu m'chipinda cha akazi. Za m'menemo ndingonena kuti ndowa inali imodzi, ife tinali ambiri. Lachisanu masana anandikhazika pansi pakhonde, n'kubweretsa amuna asanu ndi awiri atawavula nsapato.

"Ngati ukuchita manyazi usalankhule," anatero wamkulu uja. "Ungoyang'ana."

Ndinali nditalumbira mumtima kuti sindiloza munthu, ndipo sindinaloze. Koma bambo wachinayi anali ndi chipsera cha khasu paphazi. Balalo anasoka ndi ababa kuseri kwa nyumba yathu, ine nditagwira beseni. Tsiku limenelo bamboyo anandiseka: "Mama, musaope, magaziwa ndi anga, si anu." Maso anga anaima pachipserapo. Sanakhalitse. Mwina ndinangopuma kawiri.

"Zikomo," anatero wapolisi, n'kundibwezera kope langa.

Anandimasula tsiku lomwelo. Ababa anatuluka fodya atagulitsidwa kale, ataonda, khutu limodzi silikumva. Bambo wachipsera sanabwerere mpaka lero. Akazi awo amagulitsa mtedza panjira yakusukulu. Amandipatsa moni, ine ndimayankha.

Nditawaululira ababa zimene maso anga anachita, anati, "Anakubera ulemu wako, mwanawe. Mlandu ndi wawo." Ndimayesetsa kuwakhulupirira.

Anthu amati tinamasulidwa. Kope ndikulembabe, koma za mvula ndi mayeso basi. Masiku ano ndikamapereka madzi ndimamuyang'ana mlendo kumaso, ndipo amayi amadandaula kuti ndataya mwambo. Pamsika pokha, pamene pamadutsa anthu ambiri, ndi pamene ndimayang'anabe pansi. Ndimafuna phazi lija.