Magalasi a Bambo Chidodo

Pamsika onse amawatchula kuti a Chidodo, chifukwa cha kayendedwe kawo. Ali mwana anadwala nyamakazi zaka zambiri, mawondo ndi zala zili zotupa. Anzawo akuthamangitsa mpira, iwo ankakhala pabedi kumasula wailesi yakufa ya bambo awo. Ndiko kunachokera luso lokonza mafoni limene likudyetsa banja lawo lero.

Koma matendawo anawasiyira mantha. Tsiku lina anamva dokotala akuuza mayi awo kuti nyamakazi yotere nthawi zina imalowa m'maso n'kuchititsa khungu. Mawuwo anakula nawo.

Ndiye zinthu zakutali zitayamba kuoneka mwachimbuuzi, a Chidodo anangoti basi, zija zafika. Sanauze munthu. Kawaya konga tsitsi ankakaona bwinobwino patebulo, koma nkhope ya munthu kutsidya kwa msewu ayi. Anthu n'kumati bamboyu wayamba matama, moni sakuyankha.

Chinawaulula ndi kusukulu. Atapita kukatenga mwana wawo wamkazi, anakodola mwana wa eni ake, wawo ataima chapomwepo. Mtsikanayo anafika kunyumba atatupa masaya.

"Amayi, adadi sandidziwa," anatero.

Akazi awo sanachedwe. "Bambo a mwana, mawa tikupita kwa dokotala wa maso. Mukakana ndikuberekani kumsana."

Dokotalayo anaunika maso onse awiri mofatsa, a Chidodo mtima uli m'mwamba.

"Mulibe kutupa m'masomu," anatero dokotala. "Mwangokhala osaona patali. Zimachitika kwa ena amene anadwala ngati inu. Muzibwerabe tizikupimani, koma pano chofunika ndi magalasi."

"Magalasi okha?"

"Okha."

A Chidodo anaseka mpaka misozi, munthu wamkulu ndi ndevu zake. Mtima unakhala pansi. Akazi awo anawakalipira njira yonse chifukwa chobisa, iwo akungovomera mosangalala.

Magalasi atatuluka, anapitanso kukaima pageti la sukulu. Belu litalira, anaona mwana wawo akutuluka m'kalasi, kutali ndithu. Mtsikanayo anakweza dzanja pang'ono n'kulitsitsa msanga, ngati munthu wozolowera kusayankhidwa. Apo m'pamene a Chidodo anazindikira kuti masiku onsewa mwanayo ankawabayibitsa.

Anakweza manja onse awiri, zala zopindika zija zili m'mwamba. Mwanayo anaima kaye, kenaka anayamba kuthamanga.