Mapazi a Matiloni Perpetua

Inu amene moyo wakupunthwitsani mpaka mwaganiza zongokhala pansi, imvani za Perpetua Daka wa ku Petauke, mayi amene tsiku lina anagwa chagada pamaso pa achinyamata amene ankawaphunzitsa kuvina.

Perpetua anali matiloni. Ntchito yake inali kuphunzitsa lainapu, gulu lija la anyamata ndi atsikana ovala zofanana limene limavina patsogolo pa akwati polowa mu holo. Kuchokera ku Petauke mpaka ku Kacholola, ukwati wopanda Perpetua unali ndiwo zopanda mchere. Anali wamtali, wamawu, ndipo ankavina atakwera pa nsapato za gogoda.

Kenaka anadwala matenda oumitsa khosi. Anachira ndithu, koma khutu limodzi linagontha, ndipo akaimirira pansi pankamuthawa. Tsiku limene anadzikakamiza kubwerera kuntchito, anangoti mwendo tukulu, basi khu! pansi. Atsikana ena anabisa nkhope kuseka. Mayi a mkwatibwi, amene anabwera kudzaonerera, ananong'oneza mnzawo ndi mawu omveka mpaka kumsewu.

"Ati kudwala? Uyu ni moŵa chabe."

Pofika Lamlungu tauni yonse inali itamva kuti matiloni wayamba kachasu. Palibenso amene anabwera kudzamupempha za ukwati. Perpetua analira kwambiri, osati chifukwa cha chigongono chosupuka, koma chifukwa cha dzina lake.

Mwamuna wake Josphat, kalipentala, ankamukonda mpaka kumuononga. Anamukhomera mpando wabwino n'kuuika pakhonde. Tsache anabisa, madzi ankamubweretsera, anamuguliranso mapatapata ofewa ngati siponji. Mwana wawo Tamara anauzidwa kuti azilondera mayi ake.

"Anyina Tamara, nkhalani chabe," ankatero Josphat. "Newo nilipo."

Perpetua anakhala. Thupi linanenepa, mtima unaonda.

Tsiku lina kunabwera Febby wa ku Nyimba, mtsikana amene anavinapo m'malainapu a Perpetua ali wamng'ono. Tsopano ankakwatiwa ndi mphunzitsi wina dzina lake Wiseman.

"Amai, ukwati wanga uli mu Ogasiti. Matiloni ndimwe."

"Iwe mwana, ufuna nikagwe pamaso pa apongozi ŵako?"

"Mukagwa, tizagwa tonse. Wina sinimufuna."

Perpetua ankadziwa chimene chinali patsogolo. Akakagwa ku Nyimba, Febby achita manyazi pa tsiku lake lalikulu, ndipo bodza la kachasu likhala choonadi mpaka kumanda. Akakana, ndiye kuti ntchito yake yathera pakhonde. Josphat anakanitsitsa. Perpetua anangoti, "Tiyeni tikafunse kuchipatala."

Kumeneko anakumana ndi Namakau, dokotala wa mafizo wothandiza odwala kuyendanso, mtsikana wochokera ku Mongu amene sankazungulira polankhula. Anayamba ndi kumuvula mapatapata aja n'kuwaika pambali.

"Amai, camene cinaonongeka ni kambali ka mukati mwa khutu, kamene kauza thupi kuti lapendama. Koma si khutu yeka imene ikamba. Mapazi, maondo na ciuno navo vitumiza mauthenga." Anamugwira kunkhongo. "Kuno kuli kabongo kang'ono, selebelamu. Kalandila mauthenga yocokela ku miyendo, kasankha yofunika, ndiye kawongolela maselo ya mu tsinde ya bongo, yamene yaimika munthu. Kali monga matiloni. Manje niuzeni, mtsikana akalakwisa sitepe, mumamunkhazika pa mpando?"

"Awe!" anayankha Perpetua. "Abweleza mpaka aziŵe."

"Nanga abambo aba akunkhazikilani cani?"

Josphat anayang'ana kudenga ngati waona pamene pakudontha.

"Kabongo aka kaphunzila na kulakwisa," anapitiriza Namakau. "Mukazandila, kakonza. Mukankhala, kagona. Muziyeselela kopanda nsapato, kuti mapazi yazimvela pansi. Imwe abambo, muzinkhala pafupi, koma manja kumbuyo. Muwagwile pokhapo akafuna kugwa."

Ntchito inayambika. Josphat anazika mitengo pabwalo n'kukhomerapo zogwirira mbali zonse ziwiri. Aneba atasuzumira pa mpanda anayesa ndi khola, nafunsa ngati agula mbuzi.

"Mbuzi yake ndine!" anakuwa Perpetua. Aka kanali koyamba kuti aseke chidwalireni.

Anayamba ndi kuima pafupi ndi khoma, mapazi pamodzi. Atazolowera, anatsinzina. Kenaka anaima pa matiresi, kenaka pa mchenga, kenaka pa makoko a mtedza amene ankamubaya mpaka kutukwana chamumtima. Ankayenda uku akutembenuza mutu, kumanja, kumanzere, ngati munthu wofunafuna mwana pamsika. Josphat ankamutsata pambuyo, manja kumbuyo, milomo ikupemphera. Kugwa ankagwa, nanga walira mvula si walira matope?

Koma tsiku lina, akuyesera kudumpha mizere ya m'munda, anagwera m'zitosi ndi chitedze chomwe. Anakhala pomwepo n'kulira ngati mwana.

"Awisi Tamara, kauzeni Febby kuti nakangiwa, nalepela. Nipelekeni pa mpando wanga."

Josphat, yemwe uja wobisa tsache, anakanda kumutu.

"Mpando uja napasa aneba dzulo. Kulibe ponkhala. Imani."

Perpetua anamuyang'ana mwaukali, kenaka anaseka misozi ili m'masaya. Anagwira pansi, anaimirira yekha, n'kudumpha mzere wotsatira.

Mu Julayi anayamba kukwera basi kupita ku Nyimba kukaphunzitsa lainapu ya Febby. Lamulo lake linali lakale lomwe lija: maso pa matiloni, chimene wachita nanunso chitani, osafunsa.

Tsiku la ukwati holo inadzaza mpaka m'mawindo. Ena anabwera kudzasangalala, ena, tisabise, anabwera kudzaona matiloni akugwa. Nyimbo itayamba, Perpetua analowa patsogolo, diresi yonyezimira, kumapazi kulibe kanthu. Anayenda bwino, anatyola chiuno bwino, mpaka anafika pakati pa holo pamene pankafunika kutembenuka.

Atatembenuka, chizungulire chinabwera. Thupi linapendamira kumanzere, anthu anagwira pakamwa. Koma iye asanaganize n'komwe, mwendo unatayika patali chammbali, phazi linaponda di! bondo linapinda, thupi n'kubwerera pakati.

Kumbuyo kwake, anyamata ndi atsikana aja anaona matiloni wachita zimenezo. Onse pamodzi anapendamira kumanzere, mwendo patali, di! bondo pansi, n'kubwerera.

Holo inaphulika ndi nthungululu. Perpetua atacheuka n'kuona zimene zachitika, anachitanso dala chakumanja, lainapu n'kutsatira. Febby ankaseka uku akulira. Apongozi ake anadzuka n'kuyesa nawo. Pakona panali Josphat, manja akadali kumbuyo, misozi ikutsika yopanda woipukuta.

Lero khutu lija ndi logonthabe, ndipo Perpetua sayenda yekha mumdima, chifukwa maso nawo amamuthandiza kuima. Koma akwatibwi a ku Petauke ndi Nyimba amachita kulimbirana tsiku lake, ndipo aliyense amayamba ndi pempho limodzi: "Amai, mutiikileko ija sitepe yozandila."

Ndiye inu amene mwadzandira pamaso pa anthu, kaya ndi matenda, kaya ndi mayeso, kaya ndi geni imene yakugwetsani, musalole kuti manyazi kapena chifundo cha okukondani chikukhazikeni pansi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Thupi lenilenilo limaphunzira kuima polakwitsa, nanga inu mulephera bwanji? Dzukani, pondani pansi, mubwerezenso. Osataya mtima, nyimbo sinathe.