Fodya Wochaja wa Atate Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene atate anga anandipatsa udindo wowasankhira fodya wamagetsi, ndipo mpaka lero ndimadabwa kuti munthu wondidziwa bwino chonchija zinamulowa bwanji m'mutu. M'komboni yathu yonse ya Mtendere ankadziwa kuti Chiko, mwana wamkazi wa ba Tembo atelala, si mwana womutuma. Ndine ndinamangirira zingwe za nsapato za aphunzitsi a masamu ku mwendo wa tebulo. Ndinenso ndinaika chule m'chikwama cha mayi wina wa kwaya, ndipo chuleyo anasankha yekha nthawi yotuluka, pakati pa pemphero.

Atate anali ndi kashopu ka malata pamsika, ndi makina akale osokera, opalasa ndi mapazi. Ankawanyadira makina amenewo. Magetsi akapita, atelala anzawo a makina amakono ankangokhala panja kuyang'ana ntchentche, iwo ankapalasa mokweza dala kuti onse amve. "Ine malaiti yanga yali mu mendo," ankatero.

Chimene sankanyadira chinali fodya. Ankasuta wa masamba ouma wogula pamsika pomwepo, amene kuno timamutcha balani, ndipo ankamukulunga m'mapepala a makope anga akusukulu. Tsiku lina ndikuwerengera mayeso ndinapeza kuti tsamba la nthambi zitatu za boma latsala theka.

"Adadi, mwabema nyumba ya malamulo!"

"Unalemba na bolopeni yoipa," anandiyankha. "Yenze kuwawa pakhosi."

Ndinabwezera. Ndinathyola mitu ya machesi n'kuibisa mu balani wawo. Fodya anachita thwaa pansi pa mphuno, ndevu zinapsa mbali imodzi, ndipo sabata yonse anasoka akuoneka ngati akumwetulira chammbali. Anandithamangitsa mpaka pokwerera minibasi koma sanandigwire. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti ndine wa liwiro. Sindinkadziwa kuti ndi mpweya umene unkawathera.

Kenako anadwala TB. Anamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi, anachira, koma malaya awo onse anawakulira. Tsiku lomaliza kuchipatala ndinali nawo, nditakhala pabenchi m'chipinda momwemo. Anesi anali mayi wamkulu wosadziwa kuzungulira. "Ba Tembo, mapapo yanu yasala na vipsela," anatero, kenako anandiloza ndi cholembera. "Mukabwelela ku fodya, uyu mwana simuzamuona akusiliza Giledi 12."

Atate anatola chipewa chawo, tinatuluka. Pobwerera anandigulira chimanga chootcha, chinthu chimene sankachita.

Anayesa. Anayamwa maswiti mpaka dzino linawawa. Anatafuna timitengo ta machesi. Abusa anawasanjika manja kawiri. Ankapirira masiku atatu, anayi, kenako fungo lija linkabwereranso m'malaya, amai n'kusiya kuwalankhula. Ndiye kasitomala wina, mlonda wa kumayadi, anawauza kuti bwana wake anasiya fodya ndi kachipangizo kotchedwa vepu, kotulutsa nthunzi m'malo mwa utsi. Atate anakafunsa anesi aja. Iwo anati si chinthu chopanda vuto, koma ngati zina zonse zakanika chimaposa utsi, bola munthu adziwe kuti nachonso adzachisiya.

Loweruka lina m'mawa tinakwera minibasi kupita m'tauni. Shopu yake inali yaing'ono, yowala ngati mogulitsa mafoni, yonunkhira maswiti. Wogulitsa anali mnyamata wa ndolo kukhutu, wolankhula Chingerezi chothamanga. Anayala zinthu pagalasi. Kunali kena kakang'ono, kakuda, konga bolopeni, kamene ankati kamakokeka molimba ngati ndudu. Kunalinso chibokosi chodzaza dzanja, cha magetsi osinthasintha mitundu, chotulutsa nthunzi yambiri. Ndiye panali timabotolo ta timadzi tothira mkati, ta fungo losiyanasiyana, tina ta nikotini wamphamvu, tina tofooka.

Atate anamvetsera chipewa chili m'manja. Ndinaona makutu awo akutuluka thukuta. Munthu amene ankatha kungokuyang'ana n'kudziwa saizi ya chiuno chako, pamenepo anali ngati mwana wa Giledi 1. Chifuwa chinawayamba, ndipo anachita manyazi kutsokomolera pagalasi loyera lija.

"Sankha iwe, mayi," anandinong'oneza. Ankandiitana choncho akandikonda kapena akasowa chochita. "Ndiwe wa sukulu. Nili panja."

Atangotuluka, mnyamata uja anandifunsa kuti atate amasuta kangati patsiku. Choonadi chinali chakuti ankayamba asanasambe kumaso ndipo pofika madzulo tsamba la kope linali litatha. Koma maso anga anali pa chibokosi chija, ndipo m'mutu mwanga ndinali nditawaona kale ba Tembo, mkulu wa mpingo wosaseka chisawawa, akufuka ngati sitima.

"Ah, ni vamasobela chabe," ndinatero. "Kamozi pa wiki."

"Sure? Ngati babema maningi, katengeni aka kang'ono na yamphamvu."

"Kamozi pa wiki," ndinabwereza, maso ali gwa. Ndinasankha chibokosicho, ndi timadzi tofooka kuposa tonse, ta fungo la sitiroberi. Atate anabwera kudzalipira osafunsa kanthu.

Lolemba ndinathawa phunziro lomaliza kuti ndikaonere. Sindinakhumudwe. Atate anadina batani, anakoka mwamphamvu monga ankakokera balani, ndipo kashopu konse kanasowa. Mtambo woyera unatulukira pakhomo, pawindo, ndi m'mabowo a malata. Ba na Mwape, mayi ogulitsa vitumbuwa moyang'anizana nafe, anakuwa kuti "Moto! Ba Tembo bapya!" n'kuthamanga ndi ndowa ya madzi otsukira mbale. Anakhuthula yonse osayang'ana. Mtambo utachoka, atate anali atakhala pamakina, anyowa mpaka m'masokosi, chitenje cha kasitomala chili m'manja, msika wonse ukununkhira sitiroberi. Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi m'fumbi. Pofika madzulo anyamata a mawilibala anali atawapatsa kale dzina: ba Sitima.

Zimene sindinaganizire ndi magetsi. Chibokosi chija chinkadya batire ngati mbuzi. Chaka chimenecho magetsi ankapita tisanadzuke n'kubwera tagona, ndiye pofika masana chinkangothwanima kawiri n'kufa. Atate, amene ankaseka anzawo a makina amagetsi, anayamba kuima pamzere kwa ometa tsitsi amene anali ndi sola, fodya wawo ali pakati pa mafoni a anthu kudikira nthawi yake. Ndipo ngakhale chikachajidwa, ankakoka, kukoka, kukoka, thupi osalandira chimene linkafuna. Anayamba kukalipa popanda chifukwa. Anasoka thumba la buluku mozondoka. Ine ndinkaonabe ngati ndi mbali ya sewero.

Lachinayi m'kalasi ndinatsegula kope langa ndipo ndinapeza tsamba lang'ambidwa pakati, mwaukhondo, monga amang'ambira munthu wozolowera sizasi. Nditaweruka sindinapite kunyumba.

Kashopu kanali kotsegula, makina ali zii. Ndinawapeza kuseri kwa msika, pafupi ndi ngalande, pamene amataya makabichi owola. Anali atanjuta, nsana atatembenuzira kunjira. M'kamwa munali fodya wokulunga kale, ndipo ndinkatha kuona zolemba zanga za inki yabuluu zikuzungulira. Ankayesa kuyatsa machesi koma kamtengo kankangothyoka. Pansi panali titatu tothyoka kale.

Atandiona sanabise. Anangochotsa fodyayo pakamwa n'kumuyang'ana.

"Osauza amai bako," anatero. Kenako anapitiriza ndi mawu amene sindinawamvepo. "Nakangiwa, mayi. Maswiti nakangiwa, mapemphelo nakangiwa. Manje na makina yamene yanathandiza benangu, ine yanikana. Vuto ni ine. Nilibe mphamvu."

Ndinachitapo zambiri pamoyo wanga ndipo anthu akandikalipira ndimamva kukoma. Koma apa panalibe wondikalipira. Munthu ankadziimba mlandu wanga, ndipo ankaukhulupirira. Ndinakumbukira cholembera cha anesi chija chitandiloza.

"Adadi, si imwe. Nine."

Ndinawauza zonse: za funso la mnyamata uja, za kamodzi pa wiki, za kachipangizo kakang'ono kamene anandilangiza, za timadzi topanda mphamvu. Ndinanena mofulumira, nditaima patali pang'ono, mwendo umodzi utaloza kothawira.

"Kamozi pa wiki," anatero pang'onopang'ono. "Ine."

"Ee."

"Na sitilobeli unasankha dala?"

"Yenze na ya bubblegum, koma ninakumvelani chifundo."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, koma kunali kuseka, kuseka kumene kunasanduka chifuwa mpaka anagwira khoma. Atapeza mpweya anatambasula dzanja n'kundipatsa fodya uja. "Sunga. Ukanipasa olo nikupemphe bwanji, nizakumenya."

Usiku umenewo anagona mochedwa, ndipo tsiku lotsatira linali lovuta, koma sanandipemphe. Chilango changa chinabwera Loweruka. Tinabwerera kushopu kuja, ndipo anandiimika patsogolo pa galasi kuti ndinene ndekha kuti ndinanama, m'Chinyanja, mokweza. Mnyamata wa ndolo anagwira pakamwa. Kenako, mwina poona nkhope ya atate, anasiya Chingerezi chake chija n'kuyamba kulankhula ngati mwana wa kukomboni, ndipo zinadziwika kuti kwawo ndi ku Kalingalinga. Anafunsa mafunso amene ndinawatsekera pakhomo tsiku loyamba. Mumayamba nthawi yanji m'mawa? Mumakonda kukoka molimba kapena mopepuka? Mumasuta mukugwira ntchito? Atate anayankha zonse osachita manyazi, ndiye anawonjezera lawo.

"Nanga malaiti yakayenda?"

"Muli na nyale ya sola ku nyumba? Aka kachaja na kantambo ka foni, kasiliza na zuba yonse."

Tinatuluka ndi kabolopeni kakuda kaja, timadzi ta fungo la fodya wamba ta mphamvu yowakwanira, ndi timitu tosinthira tikapsa. Panalibe magetsi amitundumitundu, panalibe mtambo. Kunena zoona kanali kachinthu kosasangalatsa konse. Atate anakoka kamodzi tili pa siteshoni, anatseka maso, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika ngati munthu amene watula thumba la makala. Chibokosi chija chinapita kwa ometa tsitsi, amene mpaka pano amafukiza nacho makasitomala.

Kabolopeni kankagona pa nyale yathu ya sola pawindo, pambali pa foni ya amai. Miyezi ikamapita ankagula timadzi tocheperako mphamvu. Panali sabata ina ya maliro kumudzi imene anabwerako akununkha balani, ndipo anavomera okha tisanafunse, n'kubwereranso ku kabolopeni kawo. Tsiku lina anandipeza ndikukatembenuza m'manja, ndipo anandilanda mwaukali umene sanauonetse ngakhale pa nkhani ya machesi. "Aka ni ndodo ya munthu wothyoka mwendo," anatero. "Iwe mendo yako ili bwino. Ukakayesa, ukagone kwa ba na Mwape." Patapita chaka ndi miyezi ingapo ndinakapeza m'dirowa ya makina, pakati pa mabatani ndi ulusi, katafa batire. Nakonso anali atakasiya.

Tsopano ndili Giledi 12. Anthu amafuna ndinene kuti ndinasintha, koma mwezi wathawu ahedi anapeza ofesi yawo itamatidwa manyuzipepala mpaka ku mpando, ndipo akufufuzabe. Za mtambo ujanso sindinapepesepo. Amene anaona ba na Mwape akuthamanga ndi ndowa amadziwa kuti chinthu chotero sichipepesedwa.

Chimene ndinaphunzira n'chaching'ono. Munthu akakuuza kuti "sankha iwe," nthawi zina sikuti alibe nazo ntchito. Wangochita manyazi kunena kukula kwa vuto lake pamaso pa anthu, ndiye wakubwereka pakamwa pake. Ine ndinatenga pakamwa pa atate anga n'kunenera bodza, iwo n'kumadziyesa ofooka. Chule, machesi, zingwe za nsapato, zonsezo munthu amadziwa kuti wachitidwa chipongwe, amakuthamangitsa, nkhani yatha. Koma chipongwe chimene mwini wake sakuchiona, n'kumadzida nacho yekha kuseri kwa msika, chimenecho sindichitanso.

Fodya uja ndikadali naye, m'kachitini ka zida za masamu, pansi pa kampasi. Wauma, ndipo inki yayamba kufufutika. Atate akundisokera diresi la tsiku lotsazikana kusukulu, labuluu, ndipo dzulo pondiyesa anandibaya ndi phini m'chiuno. Ndinakuwa. Iwo osatukula n'komwe mutu, maphini ena ali pakamwa pamene kale pankakhala balani, anangoti, "Osadandaula, mayi. Nimalasa chabe kamozi pa wiki."