Bondo la Womwetsa Zigoli wa ku Mexico

Ntchito yanga ku Al Sadd, mumzinda wa Doha, inali yokonza m'zipinda za nyumba ina yosanja, momwe alendo ankachita lendi kwa miyezi. Ambiri anali anthu amasewera obwera kudzakonzetsa mafupa kuchipatala. Ankabwera ndi akazi awo, ena ndi amayi awo, ena ndi munthu wongowanyamulira chikwama. Mtsikana wa ku Mexico anabwera yekha, ndi ndodo ziwiri zoyendera.

Zimenezi zinandikwiyitsa. Kwathu ku Machinga munthu akathyoka ngakhale chala, pakhomo pake sipasowa anthu. Apa mwana wamkazi amung'amba bondo kudziko la eni, womupatsira madzi akumwa palibe. Ndinkakolopa uku ndikung'ung'udza kuti abale akewo mitima yawo ndi yotani.

Chingerezi chake chinali chothyokathyoka ngati changa, ndiye tinkamvana bwino. Atandiuza kuti ntchito yake ndi mpira wamiyendo, ndipo amasewera kutsogolo, ndinaseka, ndisaname. Kamunthu kake kankangondifika paphewa. Iye sanakwiye, anangotenga foni n'kundionetsa. Ndinaona kamunthu komweko kakudutsa pakati pa akazi amatupi awiriawiri, mpira uli kuphazi ngati waumata, kenako ukonde gwedegwede, bwalo lonse n'kuimirira. Ndinasiya kuseka.

Mbiri yake ndinaimva pang'onopang'ono, ndikusintha nsalu zapabedi. Anayamba kusewera ndi anyamata a mumsewu wakwawo chifukwa timu ya atsikana kunalibe. Bambo ake, omata matayala, ndiwo ankamuperekeza pabasi kukasewera kutali. Atakula ankagulitsa m'golosale m'mawa, madzulo n'kukathamanga pabwalo popanda womulipira. Ligi ya amayi itayamba kwawoko, timu ina inamutenga, ndipo bambo ake anamwalira atamuonako akumwetsa zigoli pa TV. Kenako mtsempha wa m'bondo unaduka. Anausoka, anabwerera pabwalo, n'kudukanso pomwepo. Amayi ake sakanatha kusiya ntchito kuti amuperekeze ku Doha.

"Timu ikundidikira," anandiuza tsiku lina, atakulunga bondolo ndi madzi oundana. "Madokotala akanena kuti lalimba, ndibwerera. Akanena zina, basi, zanga zatha. Ntchito ina sindiidziwa."

Ndinasiya kunyoza abale ake, koma mtima wanga sunakhazikike. Miyezi inapita. Ndodo anazitaya, kumafizo olimbitsa bondolo ankapita tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zina ndinkamupeza maso ali psuu, iye n'kumati ndi mphepo yozizira ya m'chipindamo. Anandiuza kuti kuyeza komaliza kwayandikira, koma tsiku lake sananene.

Nkhaniyi ndinaifotokozera achemwali ena achikulire akwathu, omwe ankagwira ntchito m'nyumba ya Aarabu ku Al Hilal. Mayi amenewo pakamwa pawo panalibe chitseko.

"Ndiye mwana wa eni ake angokhala alone m'room miyezi yonseyi, inu n'kumangokolopa?" anatero. "Haramu imeneyo. Friday ndili off, tikamuzonde."

"Achemwali, asupavaiza akamva za mavisitor andipangira problem."

"Khalasi, yatha imeneyo. Mukawauze kuti ndine cleaner watsopano. Nkhope yangayi ikuoneka ngati ya madamu?"

Lachisanu masana tinakumana pasiteshoni ya sitima ya metro, ine, achemwaliwo, ndi mnzanga wina wogulitsa m'sitolo ku Old Airport. Tonse tinali m'maabaya akuda, mikanjo yathu yabwino ya tsiku lopuma. Tinagula malalanje ndi nthochi. Ndinali wonyada, ndinkati lero mtsikana uja aone mmene anthu amakhalira.

Tinachita zonse monga tinaphunzitsidwira. Tinavula nsapato pakhomo. Mipando tinaisiya, tinakhala pansi motsamira khoma, miyendo titatambasula. Zipatso tinaziika pambali mosaonetsera. Aliyense ananena pepani wake motsitsa mawu, kenako tinaweramitsa mitu n'kukhala chete. Kwathu wodwala sumusokosera, ndiponso suonetsa mano pamaso pake. Umangokhala naye kuti adziwe kuti sali yekha.

Iye anaima pafupi ndi zenera, akutiyang'ana mmodzimmodzi. Ndinkadikira kuti amwetulire. M'malo mwake anatembenukira kwa ine.

"Wakuuzani ndani?" anandifunsa.

Ndinamufunsa kuti watiuza chiyani.

"Kwathu amayi ovala zakuda akalowa m'nyumba n'kukhala chete chonchi, ndiye kuti pali maliro. Sindinauze munthu aliyense. Wakuuzani ndani?"

Apa mpamene ndinadziwa. Anandiuza kuti kuyeza kuja kunachitika dzulo lake. Madokotala anamuuza kuti bondolo silingapirirenso mpira, ndipo akaumirira adzafika posayenda n'komwe. Timu anali asanaiuze, amayi ake anali asanawauze. Anagona nayo nkhaniyo, n'kudzuka m'mawa kuchita mafizo ake ngati palibe chachitika. Ndiye ife tulukiru, ndi nkhope zathu zamaliro.

Ndinachita manyazi ndi chisoni nthawi imodzi, moti ndinayamba kudzuka kuti tizipita. Achemwali aja anandikoka abaya.

"Akuti chiyani?"

Ndinawamasulira.

"Ndiye mukupita kuti? Mwayamba liti kuthawa munthu akulira? Khalani pansi."

Ndinakhala. Mtsikanayo anatsetsereka ndi khoma mpaka pansi, mwendo wodwalawo atauwongola, n'kulira mokweza ngati mwana. Palibe anamuletsa. Mnzanga uja anasenda lalanje, koma palibe analidya. Atatopa, anapukuta kumaso ndi malaya, anatenga foni n'kundiuza kuti tisachoke mpaka amalize. Anaimbira amayi ake. Chilankhulo chawo sitinachimve, koma kulira kwa mayiyo kunatulukira m'fonimo, ndipo kunali kulira komwe kuja timakudziwa. Achemwali aja, ndi ukali wawo wonse, anadziphimba kumaso.

Sanakhalitsenso. Tsiku lonyamuka ndinamuthandiza kutsitsa zikwama mpaka pagalimoto yopita kubwalo la ndege. Ankayenda bwinobwino, osatsimphina ngakhale pang'ono, moti munthu wosadziwa sakanakhulupirira kuti anamung'ambapo kawiri. Pakamwa panga panatuluka mawu amene timauza aliyense wotuluka m'chipatala. Ndinati tithokoze Mulungu, mwachira.

Anayang'ana bondo lake, kenako anayang'ana ine.

"Eya," anatero. "Kuyenda kokha ndiye ndiziyenda."