Zala Khumi ndi Ziwiri Pansi pa Kalata

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, nyengo ya manachesi, ndikutsuka mbale. Anali amuna awiri a yunifolomu, obwera pa njinga yamoto, ndipo wamkuluyo anandionetsa pepala.

"Amayi, munalemba ndinu?"

Ndikanakana bwanji? Pamwamba, kudzanja lamanja, panali keyala yanga, monga ndinkaphunzitsira ana zaka zonse za uphunzitsi wanga. Mwana woiwala keyala ndinkamuchotsera mamalikisi. Chizolowezi chimenecho ndicho chinandimangitsa.

Kalatayo inkapita kwa mayi wina wa ku Thambani amene ankadzudzula poyera eni malole a makala omwe ankamaliza nkhalango. Anali atamuopseza kuti amuotchera m'nyumba pamodzi ndi ana ake. Ife amayi a kutchalitchi mphamvu tinalibe, tinangoti timulembere kuti sali yekha. Lamulungu anzanga khumi ndi awiri, osadziwa kulemba, anadinda zala pansi pake ndi inki yanga. Amene anaipatutsa panjira sindimudziwa mpaka lero.

Lachitatu anandikhazika pabenchi. "Inu mulibe mlandu, amayi. Mungotchula eni zalazi, mukagone kwanu."

Ndinati maso anga akalamba, zala zimafanana.

"Inkiyi sichoka msanga," anatero. "Mawa amayi anu akumana, eti? Tikaona manja."

Ndinachita mantha, ndisaname. Ndinaganiza za mnansi wanga woyamwitsa mapasa, mmodzi wa odinda aja. Mng'ono wanga atabwera ndi chakudya ndinamunong'oneza mawu awiri okha: "Zala, mawa."

Lachinayi madzulo a yunifolomu aja anabwerako atakwiya. Anakapeza amayi onse, ngakhale agogo osaona, ali ndi inki pachala. Mng'ono wanga anali atayenda ndi botolo la inki yanga khomo ndi khomo.

Mkwiyo wawo unathera pa ine. Lachisanu ananditengera m'kachipinda kopanda zenera. Za tsiku limenelo ndilemba zokhazo. Khutu langa lakumanzere silimvanso bwino. Mayina aja ankabwera okha pakamwa, ndinkawameza limodzilimodzi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ananditulutsa popanda kundiuza mlandu. "Mwakula, amayi, muzikasamala mbuzi," anatero wapachipata.

Kumudzi anandilandira ndi nthungululu, koma mtima sunakhale pansi. Ndinafunsa za mayi wa ku Thambani uja. Anati khitchini yake inapsa ine ndili m'kati, iye anathawira ku Mozambique ndi ana, palibe akudziwa mudzi wake. Anachoka akuganiza kuti tonse tinangokhala chete. Zimenezi zimandiwawa kuposa khutu.

Amati ndine mfulu. Kutchalitchi ndimapita, pamsika ndimafika, koma njinga yamoto ikaima pabwalo ndimasiya kutafuna.

Sabata yatha ndinamulemberanso kalata. Dzanja linathamangira lokha pamwamba, kumanja, ndinaliletsa. Ili m'Baibulo mpaka pano: ine ndikuopa kulemba keyala yanga, iye alibe keyala yoti ndilembe pa envulopu.