Bambo Osamalira Bwalo Lathu

Bambo amene amasamalira bwalo la mpira pasukulu pathu amalizungulira m'mawa uliwonse opanda nsapato. Amati, "Maso anga anakalamba, koma mapaziwa amamva chilichonse."

Tsiku la mpikisano, ine monga mphunzitsi wa masewera ndinawaletsa. "Bambo, alendo afika kale. Mutichititsa manyazi, valani nsapato mukakhale uko." Anamvera, napita kukakhala.

Mpira utangoyamba, mtsikana wina anagwera pa botolo losweka lomwe linabisika mu udzu, nachekeka bondo kwambiri. Mayi ake atafika akukalipa, bambowo anavula chipewa.

"Mayi, wolakwa ndine. Lero bwaloli sindinaliyendere."

Ine ndinali chilili pambali pawo, koma sindinatsegule pakamwa. Mpaka lero ndikakumana ndi bambowo amayamba ndi iwo kundipatsa moni, ine n'kuyankha ndikuyang'ana pansi.